Ufa wa ku fiyeta ndi ufa wa m'kapisozi



Ophunzira a Fomu 3 akukumbukira kuti teremu yapitayi ndinayamba mochedwa ndi sabata imodzi, ndipo nditabwera ndinangoti ndinali ku matenda. Sindiname, koma sindinanenenso zonse. Akonzi a kalatayi atandipempha kuti ndilembepo kanthu, ndinaona kuti ndi bwino ndiimalizire pano nkhaniyo, pomwe makolo ndi akuluakulu a komiti ya mzikiti angaimve nawo. Mkati mwake muli cholakwa changa chimene sindikufuna kuti wina adzachibwereze.

Achimwene anga ndi mmisiri womanga nyumba ku Durban. M'mwezi wa August anagwa kuchokera pa nsanja, ndipo fupa limodzi la msana, cha m'munsi, linasweka. Alhamdulillah, miyendo sinafe. Koma madokotala anati fupalo silingakhazikike palokha, ndipo likasuntha likhoza kupana mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa msana. Anayenera kulimanga ndi zitsulo: tindodo tiwiri ndi masikuluwu ake. Ndinakwera basi ku Blantyre, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge mpaka Johannesburg, n'kusintha basi ina. Ndinafika opaleshoni itachitika dzulo lake.

Tsiku lachiwiri ndinamupeza dokotala akuyendera odwala m'wodi, ndipo ndinamufunsa chimene tiyenera kuopa tsopano. Ndinkayembekezera kuti atchula za kupuwala. Iye anati mantha amenewo achepa. Chimene akuchiyang'anitsitsa ndi bala. Anandifotokozera modekha, ataona kuti ndatulutsa kope ndi cholembera.

Bala la opaleshoni ya msana ndi lalitali ndiponso lakuya. Minofu ya kumsana amaikankhira m'mbali n'kuigwira ndi zida kwa maola angapo, ndiye magazi sayendamo bwino. Akasoka, pansi pamatsala kampata pomwe magazi ndi madzi a m'thupi zimadikha. Pakati pa zonsezo pali chitsulo, ndipo chitsulo chilibe mitsempha. Asilikali a m'thupi amayenda ndi magazi, mankhwala a m'diripi nawonso amayenda ndi magazi, choncho pomwe magazi safika bwino, iwonso safika bwino. Mabakiteriya akangomata pa chitsulo amadzikuta ndi zoterera, ngati ndere za pa mwala wa mumtsinje, ndipo akatero mankhwala amavutika kuwapeza. Ndinafunsa kuti mabakiteriyawo amachokera kuti m'chipinda choyera ngati fiyeta. Anati kawirikawiri wodwala amabwera nawo yekha pakhungu pake. Wodziwika kwambiri ndi Staphylococcus aureus, amene pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amayenda naye m'mphuno popanda kudwala. Pakhungu alibe vuto. Akalowa pansi pa khungu, pafupi ndi fupa, nkhani imasintha.

Ndiye anandiuza chimene anachita. Kuwonjezera pa mankhwala amene anawapatsa mu mtsempha asanayambe kucheka, pomaliza, asanasoke, anawaza ufa wa mankhwala otchedwa vancomycin m'kati mwa balalo, pa minofu ndi mozungulira zitsulo. Amene amachita zimenezi amaika galamu imodzi kapena awiri. Ufawo umasungunuka pomwepo, ndipo kwa masiku awiri kapena atatu pamalopo pamakhala mankhwala ochuluka kwambiri kuposa amene diripi ingafikitsepo, pomwe olowa m'magazi amakhala ochepa zedi. Izi n'zofunika chifukwa vancomycin akachuluka m'magazi amatha kuvulaza impso.

Ndinatuluka m'wodimo ndili wosangalala. Matenda a mphunzitsi mumawadziwa: akamva chatsopano sagona asanachifotokozere wina.

Achimwene atatulutsidwa, tinapita kumene amakhala, m'chipinda chimodzi ndi amuna atatu a kwathu konkuno. Usiku woyamba, tikumwa tiyi, ndinawakambira za ufa uja. Ndinakamba bwino, ndi manja omwe. Ndinati azungu nawonso afika pozindikira kuti mankhwala amagwira bwino ukawathira pabala penipenipo. Onse anagwedeza mutu. Za m'kati ndi kunja kwa bala, za botolo lomata la ku fiyeta, za dzina la mankhwalawo ndi mabakiteriya amene amapha, sindinatsindikepo. Ndinakamba theka lokoma lokha.

Pa tsiku la 9 chichitikireni opaleshoni, kumunsi kwa bala kunafiira pang'ono, ndipo pa bandeji panaoneka kadontho konyowa. Ine ndinali ku mzikiti ku Swala ya Asr. Mmodzi wa amuna aja, bambo wachikulire amene ndiye ankawanyamula achimwene kupita nawo kuchimbudzi usiku uliwonse osadandaula, anamatula bandeji, n'kutsegula makapisozi awiri a amoxicillin amene anatsala pamene iwo ankadwala chifuwa, n'kuwaza ufawo pabala. Nditabwera anandilandira akumwetulira: "Mwalimu, tapanga zomwe munanena zija. Mawa muona pauma."

Apa ndiye pali cholakwa changa chachiwiri, chachikulu kuposa choyamba. Sindinatsutse. Mumtima ndinakayika, koma ndinakumbukira kuti tili ana, tikapweteka ndi khasu kapena kugwa pa njinga, amayi ankatitsegulira kapisozi wa kugolosale, ndipo tinakula. Ndinachitanso manyazi kudzudzula munthu wamkulu amene akutithandiza chotere. Mawa lake ufa uja unaumbika n'kukhala nkhanambo youma, ndipo tonse tinati zayenda. Tinakhala masiku awiri tikuyang'ana nkhanamboyo n'kumayamika. Usiku wachitatu achimwene anayamba kunjenjemera, thupi linatentha, ndipo ululu wa msana umene unali utayamba kuchepa unabwerera ndi ukali. Titangoswali Fajr tinapeza galimoto.

Namwino amene anatilandira anali mayi wachikulire. Atamatula bandeji anatiyang'ana mmodzimmodzi, n'kufunsa kuti ndani wachita izi. Bambo aja anawerama. Ndinati ndine, chifukwa ndithu ndinali ine. Iwo anangokhala manja. Sanandisiyire mawu m'kamwa, ndipo ana a sukulu amene ndimawakalipira akachedwa ku Zuhr akanasangalala kuona mwalimu wawo ataima chilili ngati wa Fomu 1. Ananyowetsa nkhanambo ija ndi madzi a mchere a kuchipatala mpaka inafewa, ndipo pansi pake panatuluka mafinya. Anatengako pang'ono kuti akayeze ku labu, anatenganso magazi.

Dokotala uja atabwera anachotsa ulusi pang'ono kumunsi kuti mafinya atuluke, n'kuunika kuya kwake. Anati tachita mwayi: matendawo anali pamwamba, sanaboole chikuto cholimba chimene chimaphimba minofu, ndiye sanafike pa zitsulo. Achimwene anagonekedwanso masiku anayi pa diripi, kenako anapitiriza ndi mapiritsi. Akanafika pansi, anati, bwenzi akubwerera ku fiyeta kukatsegulanso bala lonse ndi kulitsuka, mwina kangapo, kenako milungu 6 kapena kuposa ya mankhwala, ndipo ena amafika pochotsedwa zitsulo fupa lisanagwirane. Kwa mmisiri amene ana ake asanu amadya kuchokera pa msana wakewo, mukhoza kuwerengera nokha.

Sananene kuti kapisozi ndiye anabweretsa matendawo. Kufiira kuja kunali kutayamba kale. Chimene kapisozi anachita ndi kutibisira, n'kutidyera masiku awiri amene bala likanaonedwa msanga. Ndipo anandisiyanitsira zimene ine ndinaziphatikiza pa tiyi paja. Ufa wa ku fiyeta umachokera m'botolo lomata, lopangidwira jakisoni, lopanda kachilombo ngakhale kamodzi, ndipo umaikidwa ndi manja ovala magolovesi m'kati mwa bala loyera, mabakiteriya asanakhazikike. Ufa wa m'kapisozi anaupangira m'mimba. Ngosakaniza ndi zinthu zina zongodzazira, sunayeretsedwe kuti ukhudze mnofu wotseguka, ndipo ife tinauthira pamwamba, ndi zala zathu, matenda ali kale pansi. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti ma Staphylococcus ambiri masiku ano samva n'komwe amoxicillin. Tinaika moyo wa munthu pachiswe ndi mankhwala amene mdaniyo amangowaseka.

Nditabwerera kuno nkhaniyi sinandichoke. Ndinapempha aphunzitsi athu a Biology kuti tikhale pa kompyuta ya mu ofesi masana angapo, andithandize kuwerenga zimene madokotala alemba. Ndinkafuna kudziwa ngati theka limene ndinakamba lija linali loona. Ndinapeza kuti ngakhale ilo silinali lathunthu.

Njira yowaza vancomycin inatchuka kwambiri mu 2011, pamene dokotala wina wa ku America, Fred Sweet, ndi anzake anasindikiza zotsatira za odwala 1,732 amene anaikidwa zitsulo kumsana. Mwa 821 amene sanawazidwe ufa, pafupifupi 26 pa 1,000 alionse anadwala matenda akuya a pabala. Mwa 911 amene anawazidwa magalamu awiri, anali 2 okha pa 1,000. Aliyense woona manambala amenewa angathamangire kugula ufawo, ndipo madokotala ambiri anaterodi. Koma aphunzitsi a Biology anandionetsa pofooka pake. Ufa anayamba kuwaza mu 2006, pomwe kuwerenga kunayambira mu 2000. Ndiye kuti ankafanizira odwala a zaka zoyamba ndi a zaka zotsatira, ndipo pakati pa zaka zimenezo zinthu zina zikhoza kukhala zitasintha: luso la dokotala, zida, kasamalidwe ka m'wodi.

Mu 2013, madokotala a ku Ganga Hospital mu mzinda wa Coimbatore ku India anayesa mwa njira ina. Anatenga odwala 907 n'kuwagawa pawiri mwa maere, kuti pasakhale dzanja la munthu posankha. Mwa 474 opanda ufa, anadwala 8. Mwa 433 owazidwa ufa, anadwala 7. Kusiyana kwake n'kosawerengeka. Iwo anaona kuti pomwe matenda a pabala ndi ochepa kale chifukwa cha ukhondo, ufawo mwina suonjezera kanthu. Mu 2017 bungwe la boma la America loona za matenda, la CDC, linalangiza kuti mankhwala opha mabakiteriya, kaya odzola, amadzi kapena a ufa, asamapakidwe pa bala la opaleshoni pofuna kupewa matenda. Komabe madokotala ambiri a msana akupitiriza kuwaza m'kati, makamaka kwa odwala amene ali pachiopsezo chachikulu: ovulala pangozi, a matenda a shuga, onenepa kwambiri, ndi amene opaleshoni yawo ndi yaitali. Palinso nkhawa ina. Vancomycin amapha gulu limodzi la mabakiteriya, la Staphylococcus ndi abale ake, koma ena monga E. coli ndi Pseudomonas sawakhudza, ndipo ofufuza ena aona kuti mwa odwala owazidwa ufa amene amadwalabe, gulu lachiwirili limapezeka mochulukirapo.

Kwa ine wophunzira ku madrasa izi sizinali zachilendo. Timadziwa kuti nkhani siilandiridwa chifukwa choti ndi yokoma. Timafunsa kuti yadzera mwa yani, ndipo njira yake ndi yolimba bwanji. Timadziwanso kuti maulama awiri oona mtima akhoza kusiyana pa mas'ala imodzi popanda wina kukhala wabodza. Chimene sitilola ndi chakuti munthu amene wangomva fatwa pakhomo la mzikiti ayambe kuipereka kwa ena ngati mufti. Ine ndimaphunzitsa zimenezi chaka ndi chaka, ndipo n'zimene ndinachita ku Durban. Ngati eni ntchito, okhala ndi fiyeta ndi labu, akutsutsanabe za ufa wawo, ine ndi kapisozi wotsala ndinali yani?

Ndionjezepo kamodzi kwa ophunzira okonda mapu. Vancomycin anapezeka m'zaka za m'ma 1950 kuchokera ku kachilombo ka m'dothi limene linatengedwa m'nkhalango za pachilumba cha Borneo, ndipo anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1958. Subhaanallah, mankhwala anakhala m'dothi zaka zosawerengeka kudikira woti awafufuze. Kwa nthawi yaitali akhala mankhwala osungidwa, otulutsidwa pamene ena alephera. Koma mu 2002 ku America kunapezeka Staphylococcus wosamva ngakhale vancomycin. N'chifukwa chake madokotala ena safuna kuti azingowazidwa kwa aliyense.

Musaganize kuti kusamva mankhwala ndi vuto la kutali. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome Trust anaunika mabakiteriya opezeka m'magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1998 mpaka 2016. Mwa mabakiteriya otchedwa Klebsiella, osamva mankhwala amphamvu a gulu la ceftriaxone anali pafupifupi 12 pa 100 mu 2003, koma pofika 2016 anali pafupifupi 90 pa 100. Zifukwa zake ndi zambiri, ndipo zina si za ife a kumudzi. Koma kapisozi aliyense amene timagula awiriawiri pa okala, kumwa tsiku limodzi n'kusiya, kapena kuthira pachilonda kapena m'madzi a nkhuku, amaphunzitsa mabakiteriya kupirira. Funso lina limene namwino uja anafunsa linali lakuti: makapisoziwo anatsala bwanji, poti munthu amayenera kumaliza onse amene walemberedwa?

Tsono gawo lathu ndi liti? Nditawerenga malangizo a bungwe la WHO a mu 2016, ndinadabwa kuti zambiri ndi zinthu wamba. Bungweli linati m'maiko osauka ndi apakatikati, anthu 11 pa 100 alionse ochitidwa opaleshoni amadwala matenda a pabala. Limalangiza kuti wodwala asambe ndi sopo asanapite ku fiyeta, ndipo pamalo pochekedwa pasametedwe ndi lezala, chifukwa lezala limasiya timabala tosaoneka momwe mabakiteriya amabisala. Ngati n'kofunika, achipatala amadula okha ndi makina. Ife amene tinazolowera kumeta ngati mbali ya twahara tisamale apa: musamumete wodwala wanu pamalo a opaleshoni poganiza kuti mukuthandiza. Osuta fodya asiye, chifukwa fodya amachedwetsa bala kupola ndi fupa kugwirana. A shuga aonetsetse kuti shuga wawo ali m'malo.

Kunyumba, mayeso aakulu kwa ife Asilamu ndi madzi ndi alendo. Lachisanu loyamba achimwene anaumirira kuti asambe thupi lonse, ati sangalowe Jumu'a chonchi. Apa pokha ndinagwira ntchito yanga bwino. Kusamba kwa Lachisanu ndi Sunnah, pomwe kusunga thupi ku chionongeko ndi udindo. Msana si chiwalo cha wudhu, ndiye wudhu wawo unalibe vuto lililonse. Kusamba kokakamizika kukamupeza wodwala, Shariah inatsegula khomo: amasambitsa pomwe madzi saononga, amapaka dzanja lonyowa pamwamba pa bandeji, ndipo m'madh-hab a Imam Shafi amaonjezera tayammum. Fumbi la tayammum ndi la kumaso ndi m'manja basi, siliyandikira bala. Dokotala analetsanso kuwerama, kupotoza msana ndi kunyamula zolemera kwa milungu ingapo. Achimwene analira tsiku loyamba kuswali pampando, ati akuona ngati akunamiza Allah. Ndinawakumbutsa kuti amene analamula kuima ndi yemweyo analola kukhala ndi kugona chammbali kwa wosatha, ndipo kukana chilolezo chake si kumuopa koposa.

Ndiulule kuti m'chikwama changa ndinanyamula uchi ndi mafuta a habbat sauda kuchokera kuno. Ubwino wa zinthu zimenezi sindiukayika, ndipo achimwene ankamwa uchi m'tiyi dokotala atavomereza. Koma uchi umene zipatala zina zimaika pa zilonda ndi woyeretsedwa mwapadera, si wa m'botolo la pamsika. Pa bala limene pansi pake pali chitsulo pasapite chilichonse chimene achipatala sanapereke.

Kuzonda odwala ndi Sunnah yaikulu, ndipo abale a ku Durban anaikwaniritsa mpaka chipinda chinkachepa. Koma pafupifupi aliyense ankafuna kuona bala. "Tatsegulani tione mmene asokera." Wina amafika kuchokera kuntchito, wagwira ndalama tsiku lonse, n'kufuna kusisita m'mbali mwake. Wina amawerenga dua n'kuuzira. Dua ifike, ndipo tikuifuna kwambiri, koma imadutsa bandeji popanda kuimatula. Kumbukirani kumene Staphylococcus amakhala. Titachoka kuchipatala kachiwiri tinaika beseni ndi sopo pakhomo, ndipo bambo aja a makapisozi ndiwo anakhala mlonda wake. Sankanyengerera munthu, ngakhale Imam.

Namwino anatilembera pa kapepala zinthu zoti tikaziona tisadikire kuti kuche kawiri: kufiira kumene kukufalikira, kutupa, madzi kapena mafinya otuluka pabala, fungo, kutentha thupi, ululu umene ukukula m'malo mochepa, ndiponso dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, kapena kulephera kugwira mkodzo. Anati matenda a pa zitsulo akhoza kuonekera ngakhale patapita miyezi, bala litatsekeka kale. Kapepalako ndinakajambula, kali mu foni yanga, ndipo kholo lililonse lofuna likhoza kundipeza ku ofesi.

Achimwene anabwera kumudzi mu December. Akuyenda okha, pang'onopang'ono, ndipo sijida sanayambebe. Lachisanu lapitali mwana wawo wamkulu anasenza mpando wapulasitiki kuchokera kunyumba, mtunda wa makilomita awiri, chifukwa mipando iwiri ya mu mzikiti mwathu inali itatengedwa kale ndi madala. Akuluakulu a komiti, pa msonkhano wa mwezi uno ndidzapempha mipando ina inayi, ndi sopo pa malo a wudhu. Woyamba ndagula kale, uli kuseri kwa chitseko cha ofesi ya aphunzitsi.